Njerwa za Zigamba Pabwalo la Apongozi

"Bambo, ndikangoyala njerwa zanga pabwalo panupa, nkhani ya matope muzingoimvera pa wailesi. Mvula izibwera, iziyang'ana pansi, izichita manyazi n'kubwerera kwawo. Adzukulu a adzukulu anu adzayenda pano ndi masokosi okhaokha."

Mawu amenewa ndinawanena ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa, nditakhala pakhonde pa apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Anthu ena achifundo akamva nkhaniyi amafuna kundithandiza, amati mwina tsikulo ndinali nditalawako. Ayi ndithu. M'mimba mwanga munali tiyi yekha, wopanda ndi mkaka womwe.

Apongozi anaika kapu yawo ya tiyi pa tebulo. Iwo anayendetsa basi mpaka kupuma ntchito, ndipo munthu amamuyang'ana monga ankayang'anira wokwera amene akupapasa matumba onse kufuna tikiti imene sanagule n'komwe. Anandiyang'ana, anayang'ana bwalo lawo, kenako anayang'ana njerwa imene ndinaiika pa tebulo pambali pa kapu yawo.

"Mkamwini," anatero, "chinthu ichi mukuti ndi njerwa?"

"Ndi njerwa, bambo."

"Nanga bwanji ili ndi batani?"

Inalidi ndi batani, loyera, lamabowo anayi, likundisuzumira pakona ngati diso la nsomba. Ndinawauza kuti chimenecho ndi chizindikiro cha kampani.

Ndikuuzeni kumene zinachokera njerwazi. Mkazi wanga ndi telala, ndipo telala aliyense ali ndi matenda amodzi, sataya chigamba. Kachidutswa kansalu kochepa ngati khutu la mbewa amakaika m'thumba, amati kadzagwira ntchito. Matumba amenewa anadzaza shopu yake, anasamukira kunyumba, analowa kunsi kwa bedi, ena anakwera pamwamba pa kabati. Mwana wathu anaphunzira kuyenda pogwirira matumba a zigamba.

Ine nthawi imeneyo ndinkatsuka magalimoto kwa mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wangayo, amene tonse timamutchula kuti Bwana Thovu. Munthu ameneyu ndinamudziwa akutuluka mamina, ndinkamugulira maswiti kuti akandiitanire mlongo wake. Lero ali ndi mapayipi awiri, makina opopera madzi ndi mpando wozungulira, ndiye amakhala pampandopo n'kumafuula pamaso pa makasitomala kuti, "Alamu, matayala! Alamu, kunsiko simunafikeko!" Mawu akuti alamu amawatchula mwaulemu kwambiri, mwakuti ulemuwo umapweteka kuposa chipongwe.

Tsiku lina kasitomala wina, podikira galimoto yake, ankaonera kanema pa foni. Ine ndinali kumbuyo kwake ndi chinsanza m'manja, ngati ndikupukuta galasi. M'kanemamo anthu ankasungunula mapulasitiki, kusakaniza ndi nsalu zoduladula ndi mchenga, kuthira m'chikombole, n'kutulutsa njerwa yosalala ngati sopo. Chinenero chawo sindinachimve. Ndiponso ndinaonera theka lokha, chifukwa galimoto inauma, mwiniwake n'kunyamuka. Koma sukulunso ndinaichita chimodzimodzi, theka, ndipo sindinafe nayo. Madzulo ake ndinapachika chinsanza pa payipi, ndinauza Bwana Thovu kuti matayala ake azitsuka yekha, ine ndikupita kukamanga dziko.

"Pitani bwino, alamu," anatero akuzungulira pampando. "Chinsanza chanu sindipatsa munthu."

Ndinadula mgolo pakati, ndinauika pa mafuwa kuseri kwa nyumba ya lendi imene tinkakhala. Wowotcherera zitsulo anandipangira chikombole, pamwamba pake ndinamangirira jeke ya galimoto yopanikizira. M'mawa ndinkayenda m'ngalande ndi kuseri kwa magolosale kutola majumbo, zigubu zong'ambika, mabeseni osweka ndi zotsekera mabotolo. Anthu amene ankandidziwa ankayamba kundipatsa moni ali patali, mofatsa, monga amachitira ndi munthu amene mutu wayamba kumuvuta. Masana ndinkakhala ndi sizasi yakale ya mkazi wanga kudula zigamba mpaka zala kutupa. Pulasitiki ikasungunuka ngati phula, ndinkathiramo nsalu ndi mchenga, kuvundula ndi chitsulo, kutapa ndi fosholo, kupanikiza ndi jeke. Zoyamba zinatuluka ngati ndowe za ng'ombe yodwala. Koma pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera, ndipo tsiku lina inatuluka njerwa yeniyeni yamakona anayi. Ndinaimenya ndi hamala, hamala inadumpha. Ndinapita nayo m'nyumba n'kuiika pa pilo wa mkazi wanga kuti aione bwino.

Vuto linali utsi. Utsi wa pulasitiki suona nkhope. Unalowa m'zovala za anthu onse a pa lendipo, m'matewera a ana, m'mabulangete, ngakhale m'wigi ya alandilodi imene anaiyanika pa chingwe. Alandilodiwo anabwera atagwira wigiyo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anati mwezi ukatha, pachoke mgolo kapena pachoke banja lonse.

Mkazi wanga sakalipa. Akafuna kukupha amalankhula ali ndi mapini pakamwa, maso ali pa nsalu.

"Bambo a mwana," anatero, "ine nyumba ino sindichokamo chifukwa cha mgolo. Kwa adadi kuli shedi ija yakuseri, ilibe oyandikana nayo, kuli dambo lokhalokha. Akakupatsani, kaphikeni zinyalala zanu kumeneko mpaka mukhute. Akakukanizani, mgolo ukupita kwa ogula zitsulo, inu mukubwerera kwa achimwene."

"Kwa Thovu? Ine?"

"Mwana sadya njerwa."

N'chifukwa chake ndinapezeka pakhonde paja ndi njerwa yabatani, pakamwa pakuthamanga kuposa mutu. Shediyo apongozi ankasungiramo mpando wa basi, matayala akutha ndi wailesi zakufa zimene ankati adzakonza. Kiyi wake ankayenda naye m'thumba la malaya. Koma ndinkadziwa pamene pankawayabwa. Bwalo lawo ndi lotsetsereka pang'ono, ndipo madzi a mvula ochokera kwa aneba akumtunda amalowa pa bowo la kunsi kwa mpanda, n'kudutsa pakati pa bwalo kukatulukira kunsi kwa geti. Mvula ikagwa, kuchokera pakhonde kukafika pageti pamakhala phala. Ndiye apongozi anga ndi munthu wa nsapato. Amazipolisha m'mawa uliwonse ngakhale sakupita kulikonse, ndipo matope amadana nawo kuposa apolisi a pamsewu.

"Chabwino," anatero pomaliza, akutembenuza njerwa ija kuti batani liyang'ane kumbali. "Yalani. Mvula yoyamba yeniyeni ikagwa, ndidzayenda kuchoka pano kukafika pageti. Nsapato zikakafika zoyera, kiyi ndi wanu. Zikada, mudzazule zinthu zanuzo musanamwe ndi madzi omwe."

"Bambo, konzekerani kusanzikana naye kiyiyo."

"Ine ndanyamulapo anthu ambiri olankhula, mkamwini. Onse ankatsika."

Bwalo ukamaliona uli pakhonde limaoneka laling'ono. Ukayamba kuliyeza ndi njerwa limakula ngati munda. Kwathu ndi kwa apongozi ndi mtunda ndithu, ndipo pakati pali chitunda chimene ngakhale njinga zamoto zimatsokomola. Ulendo woyamba ndinadzaza wilibala, ndinakankha, pofika pakati pa chitunda wilibala inayamba kundikankha ine. Ndinafika lilime lili panja, msana ukulira ngati chitseko chakale. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi chikulemera m'njerwamu n'chiyani? Pulasitiki ayi. Nsalu ayi. Ndi mchenga. Nanga mchenga ukugwiramo ntchito yanji, poti chogwira ndi pulasitiki, cholimbitsa ndi nsalu? Ndinaona kuti anthu a m'kanema aja ankangothiramo mwachizolowezi, poti makolo awo ankamanga ndi mchenga. Ine ndinalibe chizolowezi chilichonse chondimanga.

Ndinauchotsa mchengawo, m'malo mwake ndinawonjezera zigamba. Abale, zinatuluka njerwa! Zopepuka ngati buledi, mwakuti wilibala yodzaza ndinkaikankha ndi dzanja limodzi, linalo ndikupatsa anthu moni. Ndiye kukongola kwake, poti mchenga sunkaphimbanso mitundu: zofiira, zobiriwira, zamaluwa, zamizeremizere, ina yokhala ndi theka la kolala. Matumba a kunsi kwa bedi anayamba kutha, ndipo mkazi wanga, kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyi, anandithirira shuga m'tiyi ndi dzanja lake.

Sindinali wopusa, ndinaziyesa. Hamala inadumphanso. Ndinathira madzi a m'ketulo pamwamba, anatsetsereka ngati pa tsamba la nthochi, njerwa osanyowa n'komwe. Ndinapita nayo imodzi kwa Bwana Thovu n'kuiika kutsogolo kwa tayala la galimoto ya kasitomala.

"Pondani, alamu."

Anaponda, anabwerera m'mbuyo, anapondanso. Njerwa ili phee. Anatsika, anaitola, anaiponya m'mwamba n'kuiwakha.

"Yalimba," anavomera. "Komatu alamu, chinthu cholimba chopepuka chonchi ine ndimadziwa chipewa cha njinga yamoto basi. Mukumanga bwalo kapena mukuveka adadi zipewa?"

"Nsanje, alamu. Thovu lakulowani m'maso."

Kayalidwe kake ndinakaphunzira kumalo omwetsera mafuta, kumene amisiri ankayala njerwa zawo za simenti. Ndinaima tsidya la msewu ngati ndikudikira munthu. Ndinaona kuti sathira simenti pansi ayi. Amasalaza mchenga, amakoka chingwe, amaika njerwa, amaigogoda ndi hamala ya labala, kenako amasesera mchenga m'mipata, basi. Njerwa imakhala yokha. Chimene chimaikhazika pansi sindinafunse. Amati safunsa anadya phula, koma ine phula ndinali nditalipuma kale lokwanira, ndinaona ngati mwambiwo wandidutsa.

Ndinayala chimodzimodzi, kuyambira pakhonde mpaka pageti, mpanda uku mpanda uko. Apongozi ankakhala pakhonde ndi nsapato pamiyendo, burashi m'manja. Nditamaliza, bwalo linkaoneka ngati bulangete la mfumukazi. Anthu odutsa ankaima pageti kusuzumira. Mayi wina wonenepa, kasitomala wa mkazi wanga, analowa mpaka mkati, anawerama, analoza njerwa ina yofiirira yamadontho.

"Iyi si nsalu ya diresi langa iyi? Atelala anandiuza kuti yatha yonse, sipanatsale ndi kachingwe komwe!"

"Mayi," ndinatero, "diresi lidzang'ambika, koma inu pano mwalowa m'mbiri. Anthu azikupondani mpaka kalekale."

Mkazi wanga anataya kasitomala ameneyo, ndipo shuga uja anabwerera m'kabati.

Tsopano kunatsala mvula, ndipo mvula inadziwa kuti ndikuifuna. Kumwamba kunayera mbee ngati mbale yotsukidwa. Mwezi wa alandilodi unkatha, iwo ankadutsa pafupi ndi mgolo wanga akutsokomola mwadala. Ine amene kale ndinkatukwana mitambo chifukwa imabweretsa magalimoto amatope, tsopano ndinkadzuka n'kuyang'ana kumwamba ngati mlimi. Kamtambo kakaoneka ndinkakalankhula mwaulemu. Mkazi wanga anandipeza tsiku lina ndili pakhomo, khosi lili chagada.

"Walira mvula walira matope, bambo a mwana."

"Mwambi umenewo ndauchotsa ntchito, mayi. Upite ukapume limodzi ndi adadi anu."

Inabwera Loweruka masana. Kuyambira m'mawa kunkatentha modabwitsa, kenako kumadzulo kunada bii, mphepo n'kuyamba kuthamangitsa mapepala mumsewu. Ndinavala malaya anga oyera a ku maukwati, ndinakoka mkazi wanga pa makina, tinathamanga. Tinapeza Bwana Thovu wafika kale, wakhala pakhonde mwendo pamwamba pa unzake, pambali pake pali jumbo.

"Ndakutengerani kamphatso, alamu," anatero. Anatulutsa ovolosi yatsopano yabuluu n'kuitambasula kuti onse aione. "Saizi yanu ndinafunsa achemwali. Ndaikamo ndi matumba akuluakulu, muziikamo nzeru."

"Isungeni, alamu. Ndikatsegula fakitale ndidzafuna mlonda."

Madontho oyamba anagwa akuluakulu, amodziamodzi, akulira pa malata ngati miyala. Kenako inayamba bwinobwino, yachifatse. Ndipo zimene ndinalonjeza zinachitika pamaso pa onse. Madzi ankagwa pa njerwa zanga n'kutsetsereka, mitundu ija inawala ngati yapakidwa mafuta, matope osaoneka ngakhale a mankhwala. Bwana Thovu anatsitsa mwendo. Mkazi wanga anandiyang'ana m'mbali, mwa kuyang'ana kuja kumene anandiyang'ana tsiku loyamba, ndisanamuuze kuti sukulu ndinalekezera pati.

Apongozi analowa m'nyumba. Anatuluka atavala nsapato zawo zakuda za pa zikondwerero, zowala mwakuti ndinadziona nkhope, ambulera m'dzanja lamanja. Dzanja lamanzere linalowa m'thumba la malaya n'kutuluka ndi kiyi, kakiyi kakang'ono kadzimbiri komangidwa pa waya. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati chimenecho.

"Ikangochepako pang'ono, ndiyenda," anatero.

Pamenepo munthu wanzeru akanakhala chete. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinayamba kuwafotokozera za tsogolo. Ndinati shediyo ndiyochepa, chaka chamawa tidzagwetsa khoma lakumbuyo. Ndinati matelala onse a m'tauni azidzabweretsa zigamba pa ngolo, ana asukulu azidzabwera kudzaona, ngalande zonse zidzayera chifukwa jumbo lidzakhala chuma. Ndinati apongozi ndidzawaika pa chikwangwani ngati woyambitsa mnzanga. Ndinalonjeza mkazi wanga makina amagetsi. Ngakhale Bwana Thovu ndinamukhululukira, ndinati pamalo pake potsukira magalimoto ndidzayala ulere, chifukwa chibale ndi fupa.

Ndikulankhula choncho, mvula sinachepe. Inawonjeza. Malata anayamba kulira mwakuti ndinkachita kufuula, ndipo sindinaleke. Pa bowo lija la kunsi kwa mpanda madzi a kwa aneba anayamba kulowa, poyamba ngati payipi, kenako ngati ng'ombe ikukodza, kenako ngati mtsinje weniweni. Kunsi kwa geti sankatuluka msanga monga ankalowera, ndiye anayamba kukwera. Anaphimba njerwa za kumpanda, anaphimba za pakati, bwalo lonse linasanduka dziwe losaya, mitundu ija ikuoneka pansi pa madzi.

"Musadandaule, bambo!" ndinakuwa. "Awa ndi madzi chabe, si matope! Akangodutsa, pansi pali pouma!"

"Bambo a mwana," anatero mkazi wanga chapansipansi, atandigwira malaya. "Ija yamaluwa ija yagwedezeka."

"Ndi maso anu, mayi. Madzi amanamiza."

"Alamu," anatero Bwana Thovu, ataimirira tsopano, "inanso iyo yadzuka."

Ndinaona kuti anthuwa akufuna kuwaopseza apongozi kiyi ali kale m'manja. Ndinati dikirani ndikuonetseni. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinatsika pakhonde ndi malaya anga oyera, ndinayenda mpaka pakati pa bwalo mvula ikundimenya m'mutu. Pansi pankamveka mofewa, ngati ndikuponda matiresi, koma ndinati ndi mapazi anga azizidwa. Ndinatembenuka kuyang'ana khonde, ndinatambasula manja.

"Onani, bambo! Apa ngakhale basi yanu ija ikhoza kuima!"

Ndinadumpha m'mwamba kuti nditere ndi mphamvu zanga zonse.

Njerwa imene ndinateraponso inachoka ngati sopo m'bafa. Miyendo inapita kutsogolo, ine ndinakhala pansi, thibu, m'phala lozizira limene linali likudikira kunsi nthawi yonseyi. Ndipo pamene imodzi inachoka, zinzake zinapeza mpata. Zinayamba kutumphuka mbali zonse, phu apa, phu apo, yofiira, yobiriwira, yamizeremizere, zikuyandama mondizungulira, zikugundana pang'onopang'ono ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Palibe imene inasweka, ngakhale imodzi. Zinangotembenuka zonse n'kulunjika kugeti, kumene madzi anali atakankha chitseko chimodzi, ndipo zinayamba kutuluka pamzere kulowa mumsewu, ana a aneba akuzithamangira ndi chisangalalo.

Ndinayesa kugwira ziwiri ndi manja, ina ndinaipana ndi miyendo. Pakhonde Bwana Thovu anali atagwira mzati, mapewa akugwedezeka. Mkazi wanga anali ataphimba kumaso ndi ovolosi ija. Apongozi anali ataima pa sitepe yomaliza, nsapato zili zoyera, ambulera ili chitsekere. Anayang'ana kugeti nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, kiyi akumubwezera m'thumba pang'onopang'ono.

"Mkamwini," anatero, "bwalo langa likupita kuti?"